Galimoto ya Mawaya ndi Sukulu

Ana a ku Ulongwe ndi ku Domwe amapanga magalimoto a mawaya. Amawayendetsa ndi chiwongolero chachitali. Makolo ena amati uku n'kutaya nthawi. Si zoona ayi.

Ku maiko ena kuli tindege toseweretsa. Munthu amatiwongolera ndi wailesi, iye ali pansi. M'zaka za m'ma 1950, tindege tambiri tinkakhota ndi mchira wokha. Kumanzere, kumanja, basi. Munthu akakhotetsa kwambiri, kandege kankazungulira mpaka kugwa. Wodziwa ankakhotetsa pang'ono, n'kusiya.

Galimoto ya mawaya imaphunzitsa zomwezo. Dzanja limaphunzira kudekha. Maso amaphunzira kuona njira. Mwana akamaliza ntchito zapakhomo, makolo amlole kusewera. M'mera mpoyamba.