Mukafika padoko, vulani mchira pa mbedza

Abale ndi alongo a m'mbali mwa nyanja, pali kachida kena kamene kayamba kupezeka m'mabwato ena, makamaka a achinyamata owedza ndi chingwe. Tikunena nyambo yopanga: mbedza yokhala ndi mutu wolemera wa mtovu, imene kumbuyo kwake amavekako kamchira kofewa ka pulasitiki kooneka ngati usipa kapena nyongolotsi. Ena amatumiziridwa ndi abale ogwira ntchito ku Johannesburg kapena ku Durban, ena amagula m'masitolo a m'tauni. Ubwino wake ndi woti siiola, ndipo simufunika kusaka nyambo yatsopano tsiku lililonse. Mcheni ndi nsomba zina zodya zinzake zimaithamangira poyesa ndi kansomba kamoyo.

Chodandaulitsa n'chakuti nyambo zambiri zotere zimathera kunyumba, m'chitini, zisanabweze n'komwe ndalama imene zinagulidwa. Mwini wake akabwera kunyanja amangoziponya pamodzi zili zonyowa, michira ili pa mbedza. Akadzatsegula pakapita masabata awiri amapeza mbedza zachita dzimbiri, michira yapindika, ina yamatirirana ngati phula. Kenako amati katundu wa masiku ano ndi wachabe. Ife maganizo athu ndi akuti mchira uzichotsedwa pa mbedza nthawi iliyonse imene chida chikukagona masiku angapo osagwira ntchito, ndipo chilichonse chizisungidwa pachokha. Tifotokoze chifukwa chake.

Choyamba ndi dzimbiri. Wina angafunse kuti, nanga madzi a nyanja yathu ali ndi mchere ngati a ku Beira? Ayi, alibe. Koma michira yambiri imabwera ndi mchere wake. Opanga amausakaniza m'pulasitiki momwemo kuti mchira uzimira bwino, komanso kuti nsomba ikauluma isaulavule msanga. Mchere umakoka chinyezi, monga mudziwa mmene umachitira m'khitchini nthawi ya mvula. Ndiye mchira ukakhala pa mbedza, gawo la chitsulo limene lili m'kati limakhala lonyowa ndi madzi amchere usana ndi usiku. Kunja mbedza imaoneka yabwinobwino, koma m'kati yadyeka. Tsiku limene nsomba yaikulu yadya, mbedza imathyokera pomwepo, nsomba n'kupita. Ngakhale mchira wopanda mchere umasunga madzi m'kabowo kamene mbedza inadutsa, choncho nawonso si wodalirika.

Chachiwiri ndi pulasitikiyo payekha. Nyongolotsi ya pulasitiki inayamba kupangidwa m'chaka cha 1949 ndi Nick Creme ku Akron, m'dziko la America, ndipo mpaka lero michira yambiri imapangidwa ndi pulasitiki ya PVC yothiridwa mankhwala onga mafuta kuti ikhale yofewa. Mankhwalawa sakhazikika. Amatuluka pang'onopang'ono n'kulowa m'chinthu chimene chagundana ndi mchirawo. Akakumana ndi pulasitiki yolimba yoonekera m'kati, ija imasweka ngati galasi, amaisungunula. Akakumana ndi penti ya pamutu wa nyambo, amaifewetsa mpaka kumata m'manja. Mtundu nawonso umayenda: mchira woyera ukagona ndi wofiira kapena wakuda, umadzuka wathimbirira, ndipo suoneka ngati usipa ayi.

Palinso mtundu wina wa michira, wotanuka kwambiri ngati legeni, umene umayandama pamadzi. Umenewu ndi wolimba ndithu, koma sugwirizana ndi wa PVC. Mukaziika m'thumba limodzi zimadyana, n'kusanduka phala losagwiritsika ntchito. Kuzisiyanitsa n'kosavuta. Kokani mchira ndi manja awiri. Ukatanuka kutalika kwambiri osaduka, ndi wa mtundu wachiwiriwu, ndipo ukhale m'thumba lakelake.

Chachitatu ndi kupindika. Chimene chimakopa nsomba ndi kavinidwe ka mchira m'madzi. Mchira umene wagona mopindika pansi pa zinzake, makamaka pamalo otentha, umakhala chipindikire. Mukauponya m'madzi umangozungulira n'kumapota chingwe, ndipo nsomba imaudutsa. Kutentha kwa mwezi wa Okutobala ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhotakota tonse timakudziwa. Chitini chosiyidwa m'bwato padzuwa, kapena chopachikidwa pafupi ndi malata a denga, chimakhala ngati uvuni.

Tsono tikudziwa kuti pali ena amene sagwirizana nafe, ndipo mawu awo ali ndi nzeru. Iwo amati kuvula ndi kuveka mchira kawirikawiri kumakulitsa bowo, mchira n'kuyamba kutsetsereka pa mbedza, mwinanso kung'ambika kumutu. Amatinso m'bandakucha, pamene anzako akukankha bwato, si nthawi yokhala pansi n'kumalowetsa mbedza mumdima. Zimenezi n'zoona. N'chifukwa chake sitikunena kuti muzivula tsiku ndi tsiku. Ngati mawa mukubwereranso pamadzi, usiyeni mchira pomwepo, koma tsukani nyamboyo ndi madzi oyera, muipachike pamthunzi podutsa mphepo, mchira ukulendewera mowongoka, ndipo isalowe m'chitini isanaume.

Koma tiyeni tiwerengere masiku amene chida chimakhala osagwira ntchito. Mwera ukalimba m'miyezi yozizira, bwato limatha kukhala pamtunda sabata yathunthu. Mvula ikagwa, ambirife timakhala kumunda, kudzala chimanga, kuwokera mpunga, kupalira. Madera ena amatsekeratu usodzi kwa miyezi, monga zimachitikira pa chilumba cha Mbenji nyengo ya mvula. Pali maliro, pali matenda, pali maulendo. Nthawi zoterezi ndi zimene dzimbiri limagwira ntchito yake. Ndipo tiyerekeze mtengo. Mchira ukang'ambika kumutu, mumangodulako pang'ono ndi mpeni n'kuuvekanso, ukadali wogwira nsomba. Mbedza ikadyeka, mwataya mbedza, mutu wake, mchira, ndi nsomba imene ikanakhala ndiwo kapena ndalama ya sukulu. Chotsika mtengo ndi chimene chiyenera kuvutika kuti chokwera mtengo chikhalitse.

Kasungidwe kake sikafuna ndalama. Mukavula mchira, utsukeni, muuumitse pansalu, muubwezere m'kathumba kamene unabweramo. Kathumba kameneko musamataye, chifukwa kanapangidwa kuti kagwirizane ndi pulasitikiyo. Ngati kanatayika, kajumbo koyera kokhuthala kangathandize. Mitundu yofanana ikhale pamodzi, yosiyana ikhale padera, ndipo michira igone mowongoka, popanda cholemera pamwamba. Mukafuna kabokosi, yang'anani pansi pake. Kakakhala ndi nambala 5 kapena zilembo PP, ngati zigubu zambiri za majarini, kali bwino. Kakakhala ndi nambala 6 kapena zilembo PS, kamenewo ndi kosungunuka kaja.

Mbedza ndi mitu yake zikhale m'chitini china chouma. Pukutani iliyonse, mupakeko kadontho ka mafuta pachitsulo pokha. Timapaketi tija timabwera m'mabokosi a nsapato kapena m'mabotolo a mankhwala, tokhala ndi timibulu m'kati, ntchito yake ndi kuyamwa chinyezi, choncho ponyanimo kamodzi kapena tiwiri. Musanapite kunyanja yesani nsonga ya mbedza pachikhadabo. Ikangotsetsereka osakanda, inoleni. Mchira umene wapindika kale ukhoza kuwongoka: uviikeni m'madzi otentha kwa kamphindi kochepa, muugoneke mowongoka pa mbale mpaka uzizire. Zonsezi zikhale kutali ndi petulo wa injini ndi palafini, chifukwa zimaononga pulasitiki ndipo fungo lake silichoka.

Amayi, nkhaniyi ikukukhudzaninso, pakuti ndinu mumadziwa chimene chili pakona iliyonse ya nyumba. Michira imeneyi ndi yowala ndi yofewa, ndipo kwa mwana wamng'ono imaoneka ngati switi. Mutu wa mtovu ndi poizoni kwa mwana akamauika m'kamwa. Mbedza yosiyidwa pansi imalasa phazi la mwana wokwawa, ndipo nkhuku kapena bakha akhoza kuimeza. Chitini chikhale chotseka, pamalo okwera, ozizira. Bambo akaiwala, akumbutseni.

Pali chinanso chimene ife Asilamu tiyenera kudziwa. Pulasitiki isanafale, asodzi a ku America ankagwiritsa ntchito michira yodulidwa ku chikopa cha nkhumba, ndipo ina yotere imapezekabe. Imabwera m'kabotolo, itamizidwa m'madzi amchere, ndipo ikauma imalimba gwa. Wachibale wogula kunja akhoza kuitenga osadziwa. Muuzeni aziwerenga zolembedwa pa botolo kapena pa paketi asanalipire, ndipo inunso muziyang'ana katundu akafika.

Chomaliza ndi mchira umene watheratu. Chizolowezi choungothothola n'kuuponya m'madzi tichikane. Pulasitiki imeneyi siiola. Nsomba ikaimeza siigayika m'mimba, ndipo michira ina imafufuma ikakhalitsa m'madzi. Kamchira kamodzi kamaoneka ngati si kanthu, koma madoko athu adzadza kale ndi majumbo, mabotolo ndi zidutswa za maukonde. Nyanja imeneyi ndi imene timamwa, kuchapira ndi kudyera, ndiye tisaionjezere katundu wina. Kuwotcha pamoto wophikira nakonso ayi, chifukwa utsi wa PVC ndi woipa m'chifuwa. Khalani ndi kachitini m'bwato koponyamo zotha ntchito, mukafika kumtunda mukazikwirire m'dzenje la zinyalala kutali ndi madzi ndi chitsime. Makomiti a m'madoko, a BVC, angathandize poika nkhaniyi pa misonkhano yawo, monga amachitira ndi nkhani ya maukonde oletsedwa.

Akuluakulu amati walira mvula walira matope. Amene wasankha nyambo yopanga wasankhanso ntchito yoisamala. Makolo athu ankayanika ukonde, kuusoka ndi kuupachika asanakhale pansi kudya, ndipo mlimi wanzeru sasiya khasu kumunda kuti ligone pamvula. Nyambo yopanga ndi chida chatsopano, koma ikufuna mwambo womwewo. Achinyamata amene muli nazo, ikani lamulo ili m'bwato mwanu: ngati mawa simupita pamadzi, mchira uvulidwe, mbedza ipukutidwe, chilichonse chigone pamalo pake. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo mwera ukadzaleka mudzapeza zida zanu zili zokonzeka.