Sewero la Romeo ndi Juliet litafika ku Chama, anthu angamvemo chiyani?

Papita zaka zoposa 400 chimwalirire William Shakespeare, mlembi wa masewero wa ku England, amene anatisiya m'chaka cha 1616. Ngakhale zili choncho, masewero ake akuonetsedwabe m'zinenero zambiri. M'chaka cha 2012, bwalo la zisudzo la Globe mumzinda wa London linaonetsa masewero ake 37, lililonse m'chinenero chosiyana ndi linzake. Amuna awiri a ku Zimbabwe anachita The Two Gentlemen of Verona m'Chishona, pomwe gulu la ku Kenya linachita The Merry Wives of Windsor m'Chiswahili.

Chimene chapatsa masewerowa moyo wautali ndi chakuti mtundu uliwonse umene wawalandira umawaveka zovala zake ndi kuwasenzetsa nkhawa zake. Ku Japan, Akira Kurosawa anatenga nkhani ya Macbeth m'chaka cha 1957 n'kuipanga kanema wonena za ankhondo akale a dzikolo. Ku South Africa, Welcome Msomi analemba uMabatha m'chaka cha 1970, nkhani yomweyo ya munthu wopha mfumu yake pofuna mpando, koma anaiika mu ufumu wa Azulu, ndi ng'oma ndi magule awo. Seweroli linakaonetsedwa ku London m'chaka cha 1972.

Mwalimu Julius Nyerere anamasulira Julius Caesar m'Chiswahili m'chaka cha 1963, ali kale mtsogoleri wa dziko la Tanganyika. Pomasulira The Merchant of Venice m'chaka cha 1969, analitcha Mabepari wa Venisi, dzina loloza anthu olemera podyera anzawo masuku pamutu. Dzinalo linagwirizana ndi mfundo za Ujamaa zimene iye ankaphunzitsa.

Nawo omvera amasintha nkhani. Laura Bohannan, katswiri wa ku America wofufuza za chikhalidwe cha anthu, analemba m'chaka cha 1966 mmene anafotokozera nkhani ya Hamlet kwa akuluakulu a mtundu wa Tiv ku Nigeria. Atamva kuti Claudius anakwatira mkazi wa mbale wake amene anamwalira, akuluakuluwo anati wachita bwino, pakuti kwawo kulowa chokolo unali mwambo. Chimene Azungu ankachiona ngati chonyansa, iwo anachiona ngati udindo.

Chitsanzo chapafupi chili ku Malawi. Mlembi Stanley Onjezani Kenani anamasulira Romeo and Juliet m'Chichewa, ndipo seweroli linaonetsedwa ku Mzuzu m'chaka cha 2016 motsogozedwa ndi Amy Bonsall, pamodzi ndi ophunzira a pa yunivesite ya Mzuzu. Ntchitoyi inaonetsa kuti chinenerochi chikhoza kusenza nkhani yolemera yachisoni, osati nthabwala zokha.

Funso tsono n'lakuti seweroli lingamveke bwanji m'boma la Chama, kwa Asenga a Mfumu Yaikulu Kambombo, boma limene linabwerera kuchigawo cha Kum'mawa m'chaka cha 2021 kuchokera ku Muchinga. Ku Ulaya anthu ambiri amati iyi ndi nkhani ya chikondi. Koma m'seweroli Juliet sanakwanitse zaka 14. Bambo ake, a Capulet, akumukakamiza kukwatiwa ndi Paris, mwamuna wolemekezeka amene iye sakumufuna, ndipo akumuopseza kuti akakana amuthamangitsa pakhomo.

Ku Zambia, lamulo la ukwati linasinthidwa m'chaka cha 2023, ndipo ukwati wa mwana wosafika zaka 18 ndi wosavomerezeka, ngakhale utamangidwa mwamwambo. Choncho kholo la ku Chama loonera seweroli silingaone achinyamata awiri okondana okha. Lingafunse za bambo amene akupereka mwana, za mayi amene wakhala chete, ndi za wansembe amene anamangitsa ukwati mobisa, popanda ankhoswe. Nawo udani wa mabanja awiriwo, umene palibe akukumbukira chiyambi chake, si wachilendo kwa anthu amene anaonapo mikangano ya minda ikupitirira kwa ana ndi adzukulu.

Vuto loyamba ndi chinenero. Chinyanja chimaphunzitsidwa m'sukulu za kuchigawo cha Kum'mawa, motero kumasulira kwa Kenani kungamveke kwa ana a sukulu. Koma pakhomo, anthu ambiri a ku Chama amalankhula Chisenga, chimene chili pafupi ndi Chitumbuka. Sewero lofuna kufika kwa agogo ndi kwa alangizi a atsikana liyenera kulankhula Chisenga. Njira imeneyi si yatsopano. M'zaka za m'ma 1970, gulu la Chikwakwa la pa yunivesite ya Zambia linkayenda m'zigawo kuchita masewero pabwalo m'zinenero za eni dera.

Vuto lachiwiri ndi chizolowezi chosandutsa sewero kukhala ulaliki. Masewero ambiri ophunzitsa anthu amaonetsa kholo ngati munthu wankhanza kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, ndipo oonera amaseka n'kubwerera kwawo osadziona m'nkhanimo. Shakespeare sanatero. Kumayambiriro, a Capulet omwewo akuuza Paris kuti mwanayo akadali wamng'ono, adikire zaka ziwiri. Ndi bambo wokonda mwana wake, amene asintha maganizo mwadzidzidzi wachibale wa m'banjamo, Tybalt, ataphedwa. Kholo lotere anthu angalizindikire, chifukwa makolo ambiri okwatitsa ana amakhulupirira kuti akuwachitira zabwino.

Magulu a masewero a m'sukulu, amene amapikisana pansi pa bungwe la NASAAZ, sangafunike ndalama zambiri kuti ayese ntchitoyi. Chofunika ndi mphunzitsi wodziwa Chisenga, bwalo la pamudzi, ndi kulimba mtima kosiya a Capulet akhale munthu weniweni, kuti sewero likatha anthu atsale akutsutsana za amene analakwa.