Kuloza C si kudziwa Chingerezi

Madzulo aliwonse pamafoni a achinyamata pamakhala mayeso. Wina amaponya chiganizo cha Chingerezi m'gulu la WhatsApp, mawu anayi atawadula mzere kunsi, n'kufunsa kuti cholakwika chili pati. Mayankho amagwa ngati matalala: A, C, C, B, C. Kenako mwini funso amabwera n'kunena kuti yankho ndi C. Basi, zatha. Funso lina labwera kale.

Ine khama limeneli ndimalilemekeza, chifukwa nkhani yake si yamasewera. Ukalakwa Chingerezi pa MSCE, satifiketi ya MANEB sulandira, ngakhale masamu utawakhoza bwanji. Mayunivesite aboma amafuna makirediti 6, ndipo Chingerezi chiyenera kukhalapo. Namwino wofuna ntchito ku Britain amakumana ndi IELTS kapena OET. Koma chimandidandaulitsa n'chakuti pagulu paja palibe amene amafunsa kuti, "C yo yalakwika chifukwa chiyani?" Amene wakhoza mwangozi ndi amene akudziwadi onse amagona okondwa mofanana.

Tatiyeni tione chiganizo ichi: "The basket of mangoes have fallen." Ambiri amachidutsa osaona vuto, poti "mangoes" ndi ambiri ndipo "have" wakhala nawo pafupi. Msampha wake ndi womwewo. Tsopano chineneni m'Chichewa. Kodi munamvapo munthu akuti, "Dengu la mango agwa"? Ngakhale mwana wa ku mkaka angakusekeni. Timati "lagwa", chifukwa chagwa ndi dengu, mangowo angotsatira. Ndiye Chingerezi chikufunanso zomwezo: "has fallen". Ife takula tikugwirizanitsa mawu ndi mwininkhani, chimanga chapsa, nyumba yagwa, mitengo yauma, ufa watha, osalakwitsa ngakhale tili m'tulo. Chingerezi chimangofunsa ngati chinthucho n'chimodzi kapena n'zambiri. Luso lalikulu tili nalo kale, aise, koma tikafika pamayeso timalisiya pakhomo ngati nsapato.

Chichewa chomwecho chimatigwetsanso, tisanamizane. Kwathu kuno "iye" ndi mwamuna, "iye" ndi mkazi, n'chifukwa chake munthu wophunzira bwinobwino amayamba ndi "my sister" n'kumaliza ndi "he". Timati "ndibwereke cholembera", ndiye pakamwa pamatuluka "borrow me your pen", pomwe pakufunika "lend". Timawu ta "a" ndi "the" tilibe, moti timatiika mwaulesi kapena kutiiwala kumene. Nanga "advices", "furnitures" ndi "discuss about"? Izi timazimva m'minibasi, mu ofesi, nthawi zina ngakhale pamsonkhano wa mabwana. Khutu linazizolowera. Choncho malangizo aja oti "sankha chimene chikumveka bwino" ndi oopsa kwa ife, chifukwa cholakwikacho n'chimene chimamveka chakwathu.

Pali chinanso chimene ambiri oponya mafunso sanena. Mafunso amizere kunsi aja, okhala ndi E wotanthauza kuti palibe cholakwika, ambiri ndi a kalembedwe ka SAT yakale ya ku America. Gawo limenelo analichotsa mu 2016. Masiku ano SAT imakupatsa kandime n'kukuuza kuti usankhe mawu oyenera kulowa pamenepo. IELTS nayo ilibe gawo loloza zolakwa za ena. Amakupatsa mphindi 60 kuti ulembe wekha, ntchito yoyamba mawu osachepera 150, yachiwiri osachepera 250, ndipo zolakwa zimene wochonga amaona ndi zako. Pa MSCE napo chimangirizo chimakudikira. Kumeneko kulibe mnzako wokudulira mzere kuti uyang'ane apa.

Sindikunena kuti mafunsowa muwataye ayi. Ndi abwino pophunzitsa diso kukayikira. Koma ndikupempha oyendetsa magulu kuti akhwimitse lamulo limodzi: yankho lopanda chifukwa lisawerengedwe. Wanena C, fotokoza m'mawu ako, ngakhale m'Chichewa momwe, kenako lembanso chiganizo chonsecho molondola. Mafunso asanu ochita chonchi amaposa makumi asanu ongoloza, ndipo bandulo yake ndi yomweyo. Aphunzitsi nawo asachite manyazi kugwiritsa ntchito dengu la mango m'kalasi. Kuletsa Chichewa pamene chikanatsegula mutu wa mwana n'kudzipweteka.

Mukafuna mayeso enieni, tsegulani mauthenga a Chingerezi amene munatumiza sabata yatha, kaya kalata ija yofunsira ntchito. Werengani pang'onopang'ono, chiganizo chimodzichimodzi, mukufunsa kuti mwininkhani ndani ndipo mneni akumutsata kapena ayi. Ine nditayesa pa zanga, ndinapeza "informations" m'kalata imene inali itapita kale.