DISHI IKWERE PA GALIMOTO, ISAKWERE PA NYUMBA YA MUNTHU

Abale ndi alongo a m'nthambi yathu,

Ndalama zimene tinasonkha pa nthawi yokolola zagula dishi ya intaneti ya Starlink, ndipo lero lino dishiyo iri chikhalire m'katoni mwache, m'kabati ya ku ofesi. Chimene chaitsekera m'kabatimo si kusowa kwa mmisiri iai, koma kukangana kwa ife eni ache. Ena akuti ikhomedwe pa nyumba ya mmodzi wa atsogoleri athu ku mseu wa tara, pakuti kumeneko kuli magetsi ndi mpanda. Ena akuti tiigulitse, tigule feteleza. Ife tikuti ikwere pa denga la galimoto ya nthambi, imangidwe molimba, ndi kuyenda mudzi ndi mudzi. Mlandu umenewu udzatha pa msonkhano wa Loweruka likudzali, ndipo tifuna kuti munthu ali yense akakweze dzanja lache akudziwa chimene akukwezera.

ANASONKHA NDANI?

Buku la zosonkha liri ndi ife, ndipo amene afuna kuliona abwere alione. Maina ochuluka m'bukumo ndi a anthu a kuseri kwa phiri ndi a kutsidya kwa mtsinje, amai amene anabwera ndi mtedza m'malichero ndi abambo amene anagulitsa nkhuku zao. Kwao kumeneko munthu akafuna kuimba foni akwera pa chulu, natambasula dzanja ngati wopempha mvula. Koma ku mseu wa tara nsanja za mafoni ziripo kale, ndipo ngakhale mwana wogulitsa mandasi ali ndi netiweki m'thumba mwache. Nanga ndi chilungamo chotani kutenga ndalama za wa pa chulu ndi kukaonjezera nazo intaneti kwa amene ali nayo kale? Kodi munthu amatunga madzi kukathira pa dambo, mbeu za kumtunda ziri kufota?

Kwa anzathu amene akuti tigule feteleza tiyankha mwaulemu, pakuti njala tiidziwa tonse. Koma taganizani za soya ndi mtedza wathu. Chaka ndi chaka Boma limalengeza mitengo yoyambira kugulira mbeu, koma mavenda akafika kwathu ndi masikelo ao amanena mtengo wa m'mutu mwao, ndipo ife timabvomera chifukwa sitidziwa mtengo umene uli ku Lilongwe kapena ku Blantyre tsiku limenelo. Ndalama zimene timataya pa sikelo chifukwa cha kusadziwa ndizo ndalama za feteleza yemweyo. Matumba owerengeka amene dishi ingagule adzatha ndi dzinja limodzi, ndipo mavenda adzabweranso ndi masikelo omwewo.

Ndipo ife aphunzitsi tiri ndi lathu dandaulo. Zotsatira za mayeso a MANEB zikatuluka, ana a m'tauni amaziona pa foni tsiku lomwelo, pamene athu amadikira wa njinga. Mafomu a sukulu za ukachenjede ndi a nchito zambiri masiku ano amalembedwa pa intaneti, ndipo taona ndi maso athu mwana wanzeru akutsala pa mudzi chifukwa anamva za fomu tsiku lotsekera litapita kale.

DISHI IYI SI YA KANEMA

Alipo amene akuseka nanena kuti dishi singagwire nchito pa galimoto, chifukwa aona dishi ya DStv ikuleka kuonetsa zithunzi mphepo ikangoikhotetsa pang'ono. Anzathuwa asokoneza zinthu ziwiri zosiyana. Setilaiti ya kanema iri kutali makilomita pafupi-fupi 36,000, ndipo imayenda pamodzi ndi kuzungulira kwa dziko, kotero kuti kwa ife imaoneka ngati yaima malo amodzi; chifukwa chache dishi yache iyenera kuloza pamenepo osasuntha. Masetilaiti a Starlink, amene kampani ya SpaceX ya ku America inayamba kuwaponya ambiri-mbiri m'chaka cha 2019, ali pafupi, makilomita monga 550, ndipo alipo zikwi-zikwi, amayenda mofulumira, wina akamapita wina akubwera. Dishi yache ndi yafulati ngati thabwa, ndipo imawatsata ndi nzeru za magetsi ziri m'kati mwache, popanda munthu kuitembenuza.

Bungwe la MACRA linapatsa kampaniyi chilolezo m'chaka cha 2022, ndipo inayamba kugwira nchito m'Malawi muno mu July 2023. Yathuyi ndi ya mtundu waung'ono, dzina lache Mini, imene inatuluka mu 2024. M'litali mwache ndi masentimita 30, m'lifupi 26, monga ngati buku la rejisitala la ku sukulu, kulemera kwache kupitirira pang'ono kilogalamu imodzi, ndipo Wi-Fi iri m'kati momwemo. Chimene ifuna ndi chimodzi: kuona thambo bwino-bwino. Pansi pa mtengo wa mango kapena wa kachere, pamene ife timakonda kuchitira misonkhano, imadula-dula. Tsono galimoto idziima pa mtetete, anthu nakhala pa mthunzi chapafupi, pakuti Wi-Fi sipita kutali. Mvula ya mkuntho ikamagwa imafooka, ikakata imabwerera.

ZA MALEGENI TAKANA

Tsopano tinene ndi a mbali yathu yomwe, amene abvomera za galimoto koma akuti timange ndi malegeni monga timangira thumba la makala pa njinga, kuti tisalipire mmisiri. Safunsa anadya phula. Mseu wathu muudziwa. Umamasula mabawuti a galimoto, nanga mphira wa chubu umene wakhala pa dzuwa la mu October udzapirira masiku angati? Tsiku lina tidzafika pa mudzi ndi kupeza waya yekha akulendewera, dishi itatsala m'fumbi makilomita asanu kumbuyo. Za maginito nazonso, zimene amalonda ena amagulitsa, sitizikhulupirira pa mabampu athu, ndiponso chimene chamatidwa ndi maginito wakuba amachinyamula ndi dzanja limodzi.

Kamangidwe koyenera ndi aka. Mmisiri wa zitsulo apange chimango chogwira dishi m'mbali zonse zinai, ndipo chimangocho chimangidwe pa kaliyala ndi mabawuti a manati osamasuka okha, ndi timphira pakati pochepetsa kugwedezeka. Denga la galimoto lisabooledwe popanda chifukwa, pakuti bowo liri lonse ndi khomo la mvula ndi dzimbiri. Dishi igone choyang'ana kumwamba, yopendekeka pang'ono kuti madzi adzitsika. Pamwamba pache pasadutse chitsulo chiri chonse, ndipo pasaikidwe kanthu. Apa tinenetse, chifukwa tidziwana: tsiku la msika wina adzafuna kuponyapo njinga yache, wina thumba la chimanga, wina mbuzi yomanga miyendo. Chiri chonse chophimba dishi chimaitseka maso, ndipo cholemera chimaiswa. Kutsogolo kwache kukhale kachitsulo kokwera pang'ono kopatutsa nthambi za mitengo, ndipo pa chimango pakhale loko.

Waya asapanidwe ndi chitseko, pakuti kutsegula ndi kutseka kudzamdula m'kati pamene kunja akuoneka wabwino. Adutse pa bowo limodzi lokhala ndi mphira, lomatidwa bwino, ndipo amangidwe m'njira monse kuti asakhuzike pa chitsulo.

MASAMU A BATIRE

A ku mseu wa tara akuti kwao kuli magetsi. Kodi magetsiwo sazima? Tonse tikumbukira chaka cha 2022, pamene namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa Shire, ndi m'dima umene unatsatira miyezi yambiri. Dishi ya pa galimoto siyembekeza magetsi a munthu.

Tiyeni tiwerenge monga m'kalasi. Dishi yathu imadya mawati a pakati pa 25 ndi 40. Batire ya mavoti 12 yolembedwa 100Ah imasunga mphamvu yokwana 1,200, ndiko kuti 12 kuchulukitsa ndi 100. Koma batire ya asidi sifuna kukamidwa kupitirira theka, ikatero imafa msanga. Tsono zathu ndi 600. Gawani 600 ndi 40, mupeza maora 15. Ndiye kuti batire imodzi itha kutumikira mudzi tsiku lonse ndi kutsalako. Dishi yaikulu ija ya pa nyumba, imene imafika mawati 100, ikanatha batire yomweyo m'maora 6.

Koma batireyo ikhale yachiwiri, yosiyana ndi yolizira injini. Tikatapa ku batire ya injini, tidzakondwa usana wonse ndi kukankha galimoto madzulo. Yachiwiriyo idzidzazidwa ndi injini poyenda, kudzera pa kachipangizo kolekanitsa mabatire awiriwo injini ikazima, ndiponso ndi sola pamene galimoto yaima. Pafupi ndi batire paikidwe fyuzi, kuti waya akakhudzana ndi chitsulo ipse fyuziyo, isapse galimoto. Ndipo waya wa magetsi akhale wamfupi ndi wonenepa, chifukwa pa mavoti 12 waya wamtali woonda amataya mphamvu m'njira, dishi nkumangozima ndi kuyaka.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Sitibisa kanthu. Kugula dishi ndi chiyambi chabe, pakuti mwezi uli wonse pali malipiro, ndipo tikalephera amatidula. Malipiro a pa nyumba amangidwa ku malo amodzi amene unalembetsa. Oyenda-yenda ali ndi ao, dzina lache Roam, ndipo opanda malire a mtundu umenewu ndi okwera kuposa a pa nyumba. Apa a ku mseu wa tara anena zoona, ndipo tawabvomera. Tidziwanso kuti mwini wa masetilaitiwo ali kutsidya kwa nyanja, sanasankhidwe ndi ife, ndipo atha kukweza mtengo osatifunsa. Kwacha nayo inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu November 2023, ndipo chiri chonse chochokera kunja chinakwera. Chifukwa chache sitiuza munthu kuti dishi ndi mpulumutsi. Ndi khasu lobwereka, ndipo tilime nalo mwanzeru pamene tiri kupfuulabe kuti nsanja za mafoni zifike kwathu monga zinafikira kwa ena.

Koma funso ndi ili: malipiro otsikawo adzatumikira anthu angati? Dishi ikakhala m'mpanda mwa munthu, nambala yachinsinsi idzakhala ya ana ache ndi alamu ache. Mai wa kuseri kwa phiri adzayenda theka la tsiku, nagogoda pa geti, nauzidwa kuti bambo achokapo. Sitinena kuti mtsogoleri wathuyo ndi woipa mtima. Tinena kuti chinthu cha gulu chikalowa m'nyumba ya munthu chimaiwala eni ache. Chigayo cha m'manja chija tinagula limodzi chiri kuti lero? Amene akumbukira ayankhe.

GALIMOTO NAYO IRI NDI MSAMPHA

Wina adzati, nanga galimotoyo sidzasanduka ya atsogoleri? Funso labwino, ndipo likhudza ife tomwe a m'komiti. Dishi ya pa galimoto yogona ku malo omwera mowa, kapena yopita ku maukwati a akulu-akulu, iri chimodzi-modzi ndi ya m'mpanda. Chifukwa chache tidzabweretsa pa msonkhano mfundo izi:

1. Dishi imangidwe pa galimoto ya nthambi ndi mmisiri wodziwa, monga tafotokozera, ndipo malisiti onse awerengedwe pamaso pa anthu.

2. Pakhale ndandanda wa masiku, wokhomedwa pa sukulu ndi pa bwalo la mfumu m'mudzi uli wonse, kuyambira midzi imene iribe netiweki. Ndipo pa nyengo yogulitsa mbeu galimoto ifike kumene kuli masikelo.

3. Pakhale buku m'galimoto, ndipo mudzi uli wonse usankhe anthu awiri, mai ndi bambo, olemba nthawi imene yafika ndi imene yachoka.

4. Maora oyamba akhale a mitengo ya mbeu, a ana a sukulu ndi a odwala ofuna kulankhula ndi abale ao. Za mpira ndi mafilimu zibwere pambuyo.

5. Ndalama za pa mwezi, za mafuta ndi zokonzera zisungidwe pa zokha, ndipo msungichuma adziwerenga pa msonkhano uli wonse.

6. Galimoto ikaonongeka kapena mtsinje ukadzaza, dishi itsitsidwe ndi kupita ndi batire yache pa ngolo kapena pa njinga ku mudzi umene tsiku lache lakwana, pakuti ndi yopepuka.

Abale ndi alongo, mutu umodzi susenza denga. Ife a m'komiti sitingathe kuteteza chinthu ichi ngati eni ache mukhala kunyumba. A ku mseu wa tara adzabwera onse, pakuti kwa iwo ndi pafupi. Inu a kuseri kwa phiri ndi a kutsidya, lawirirani. Amai, musatume amuna okha, pakuti mtedza unali wanu. Amene ali ndi maganizo otsutsana ndi athu abwere nawo, tidzawamvera mpaka atamaliza, ndipo tidzawayankha. Koma katoni ija ituluke m'kabati Loweruka lomweli.

Ife anu pa nchito,
MLEMBI WA NTHAMBI