Bakha wa pankhondo ngokongola, koma wogula ayambe wagogoda kunsi kwake

Pamisika ya magalimoto akale a asilikali ku America ndi ku Britain, nthawi ndi nthawi pamatulukira galimoto ina yoimitsa anthu. Ili ndi mateyala 6, thupi lake ndi la bwato, kumbuyo kwake kuli pulopela. Dzina lake ndi DUKW, koma asilikali ankangoitchula kuti Duck, kutanthauza bakha, poti imayenda pamtunda ndi pamadzi pomwe.

Zina mwa zomwe zimagulitsidwa lero zakhala zaka zambiri pathengo, dzimbiri lili psuu, ndipo mtengo wake umaoneka wofewa poyerekeza ndi wa yokonzedwa kale. Apa mpomwe anthu amakopeka. Ena amaganiza zoikonza n'kuigulitsa, ena zoti izinyamula alendo okaona malo n'kumabweza ndalama pang'onopang'ono. Koma bakhayu ndi wa munthu wofuna kusunga mbiri, yemwe ali ndi ndalama zoti akhoza kuziiwala. Wofuna phindu ndi bwino ayang'ane malonda ena.

Kuti ndi galimoto ya mbiri, palibe angatsutse. Kampani ya General Motors idapanga magalimotowa oposa 21,000 pakati pa 1942 ndi 1945. Mmodzi mwa omwe adakonza kapangidwe kake adali Rod Stephens, katswiri wa mabwato a mpikisano. Adatenga lole ya asilikali yotchedwa CCKW n'kuiveka thupi la bwato. Idadziwika kwambiri mu 1943 pomwe asilikali a America ndi Britain ankalowa pachilumba cha Sicily, ndipo mu 1944 idatumikiranso ku Normandy. Ntchito yake idali kututa zipolopolo, chakudya ndi anthu kuchokera m'sitima zoima kutali ndi gombe n'kukatula kumtunda popanda kufuna doko. Ndi yotalika pafupifupi mamita 9 ndi theka, imalemera pafupifupi matani 6 isananyamule kanthu, imathamanga makilomita 80 pa ola pamsewu ndi makilomita 10 okha pamadzi. Dalaivala ankatha kuchepetsa kapena kuonjezera mpweya m'mateyala ali pampando, kuti adutse pamchenga osatitimira.

Mbiriyi ndi yomwe imakweza mtengo, koma ndi yomwenso imaulula vuto. DUKW yaing'ono kuposa zonse lero yadutsa zaka 80. Idapangidwa mwachangu, nkhondo ili mkati, ndi chitsulo chopyapyala kuti isalemere. Palibe adaganiza kuti idzakhala ikuyandamabe mpaka lero.

N'chifukwa chake wogula wanzeru sayambira ku injini. Injini ya DUKW ndi ya petulo, ya masilinda 6, ndipo ndi ya mtundu umodzi ndi ya lole ya CCKW, yomwe idapangidwa yoposa 500,000. Zipangizo za injini, giyabokosi ndi zina za kumateyala zimapezekabe kwa ogulitsa masipeya a magalimoto a nkhondo, ndipo makaniko wozolowera malole akale sangasowe poyambira. Chomwe chimadya ndalama ndi thupi la bwato lija. Madzi amakhala pansi m'kati mwake, dzimbiri limadya chitsulo kuyambira m'katimo, penti wa kunja ali gwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogula atenge katswiri wa mabwato achitsulo, azule matabwa a pansi, agogode ndi kuyeza kukhuthala kwa chitsulo malo osiyanasiyana. Thupi likakhala lodyeka kwambiri, ntchito yake si yomata zigamba ayi, ndi yomanganso bwato latsopano, ndipo maola a wowotcherera ndiwo amameza ndalama kuposa mtengo wogulira.

Chachiwiri ndi zipangizo za pamadzi: pulopela, chiwongolero chake, mapampu otulutsa madzi, malabala otseka mabowo momwe mashafuti amatulukira kupita kumateyala, komanso mapaipi a mpweya wa m'mateyala. Izi sizipezeka pa lole wamba. Galimoto yomwe idachotsedwa zinthu zimenezi ingaoneke yotchipa, koma kuzisaka chimodzichimodzi kapena kupangitsa zatsopano kungatenge zaka. Bakha wathunthu wosalira injini ndi malonda abwino kuposa wolira bwino koma wosowa za pamadzi.

Chachitatu ndi zinthu zomwe anthu amaiwala powerengera. Galimoto yosayenda ya mamita 9 imafuna lole yaikulu yoinyamula. Imafuna shedi yaitali yosadontha, apo ayi dzimbiri lipitiriza ntchito yake mwini akusonkhanitsa ndalama. Imamwa petulo ngati lole yakale ina iliyonse. Ikatuluka m'madzi imafuna kutsukidwa ndi kuthiridwa girisi malo ambirimbiri, makamaka ikachokera m'madzi amchere. Mabuleki ndi mabeyaring'i omwe amamizidwa m'madzi sachedwa kutha.

Ena anganene kuti zonsezi n'zobwezeka, poti mabizinesi onyamula alendo pa abakhawa akhalapo kuyambira 1946 ku Wisconsin Dells, ndipo adafalikira ku Boston, Seattle, London ndi Liverpool. N'zoona kuti ena adapeza nawo ndalama. Koma mbiri ya bizinesiyi ili ndi maliro omwe wogula aliyense ayenera kuwadziwa.

Pa 1 May 1999, DUKW yotchedwa Miss Majestic idamira pa nyanja ya Hamilton m'chigawo cha Arkansas ndipo anthu 13 adafa. Ofufuza a bungwe la NTSB adapeza kuti labala wotseka bowo la shafuti adasuntha, madzi adalowa, pampu yaikulu sidagwire ntchito, ndipo denga lidatsekereza anthu galimotoyo ikumira. Mu 2013 ina idamira padoko ku Liverpool, ndipo chaka chomwecho ina idayaka moto pamtsinje wa Thames ku London. Mwamwayi pangozi ziwirizi sipadafe munthu. Mu 2015 ku Seattle, ekiselo ya kutsogolo ya bakha wina idathyoka pa mlatho wa Aurora, galimotoyo idagunda basi ndipo anthu 5 adafa. Pa 19 July 2018, Stretch Duck 7 idamira pa nyanja ya Table Rock pafupi ndi Branson m'chigawo cha Missouri itakumana ndi mphepo yamkuntho. Mwa anthu 31 omwe adakwera, 17 adafa.

Ngozizi zikuonetsa chilema cha m'kapangidwe. DUKW ikalemedwa imakhala pafupi ndi madzi, ndipo m'mimba mwake mulibe zipinda zokwanira zoti iyandamebe ikabowoka. Bowo limodzi ndi lokwanira kuimiza. Asilikali adavomereza chiopsezo chimenechi chifukwa adali pankhondo. Banja lomwe lalipira tikiti yokaona malo silidavomereze zimenezo. A NTSB akhala akulangiza kuti abakha onyamula anthu aikidwe zoyandamitsa zoonjezera ndipo madenga otsekereza achotsedwe. Wofuna kunyamula anthu olipira ayenera kukhutiritsa a zamsewu ndi a zapamadzi pomwe, monga Coast Guard ku America kapena Maritime and Coastguard Agency ku Britain, kenako apeze kampani ya inshulansi yovomera. N'zosadabwitsa kuti kampani yoyendetsa alendo ku Boston idasiya abakha enieni a pankhondo n'kuyamba kugwiritsa ntchito atsopano ongofanana nawo maonekedwe. Ngati eni bizinesi okhazikika adaona kuti akalewa ngolemetsa, munthu woyamba kumene asadzinamize.

Palinso nkhani ya malo olowera m'madzi. Abakha a ku London adasiya kuyenda mu 2017 chifukwa potsetserekera pawo ku Vauxhall padatengedwa ndi ntchito yomanga ngalande yaikulu ya zonyansa ya Thames Tideway. Bizinesi yonse idaima chifukwa cha kamalo kamodzi komwe eni ake adalibe ulamuliro pa iko.

Nanga woti angagule ndani? Ndi munthu wokhala ndi shedi yakeyake, wodziwa kuwotcherera kapena wokhala ndi mnzake wa ntchitoyo, yemwe cholinga chake ndi kupita nayo kuzionetsero za magalimoto akale ndi kumiyambo yokumbukira nkhondo. Munthu wotere asanapereke ndalama aone mapepala a umwini ndi nambala ya galimotoyo, afunse ngati idatalikitsidwa kapena kusinthidwa injini m'zaka zonyamula alendo, poti osunga zakale amalipira bwino yomwe ili momwe idachokera kufakitale. Afunsenso omwe adakonzapo kale m'magulu a eni magalimoto a nkhondo. Safunsa adadya phula.

Akatha kuwerengera mtengo wogulira, wonyamulira, wa chitsulo, wa amisiri ndi wa shedi, aike chiwerengerocho pafupi ndi mtengo wa bakha wokonzedwa kale yemwe ali pamsika. Nthawi zambiri pa magalimoto akale, wokonza ndiye amaluza, wogula chokonzedwa ndiye amapindula. Ngati kusiyana kwake kuli kochepa, ndi bwino agule wokonzedwayo, naye atamuyeza kunsi. Ndipo tsiku loyamba kulowa m'madzi likadzafika, pakhale pamadzi osaya ndi odekha, mapampu atayesedwa, bwato lina lili pafupi, onse okwera atavala majekete oyandamitsa, ndipo ana atatsala pagombe.