MWANA WOFUNA UINJINIYA ASATHAWE MASAMU

Ali yense amene anayendapo pa mseu waukulu wocokera ku Chipata kupita ku Lusaka anaoloka mlatho wa Luangwa, umene unamangidwa mu 1968. Mlathowo ugwidwa ndi zingwe zacitsulo, ndipo malole olemera ndi cimanga, fodya ndi thonje apitapo usana ndi usiku. Suima mwamwai ai. Analipo anthu amene anawerengetsa katundu amene cingwe ciri conse cingasenze, nchito isanayambe. Anthu otere ndiwo mainjiniya, ndipo ana ambiri a m'midzi ya ku Petauke, Katete ndi Lundazi alakalaka nchito imeneyi.

Cacisoni ncakuti ambiri a iwo atsekeredwa khomo akali ang'ono, osadziwa. Khomolo litsekeka tsiku limene mwana alembedwa m'kalasi la maphunziro ena ndi kusiya ena. Kwa zaka zambiri cisankhoci cinali kucitika polowa Giredi 10. M'ndondomeko yatsopano imene Boma linayamba mu 2025, sekondale iyambira pa Fomu 1, ndipo mwana alowa njira yace ya maphunziro pomwepo. Fomu 5 ndi Fomu 6 ndizo za maphunziro apamwamba. Motero nthawi yoganizira yafupika. Kawirikawiri makolo akhala kumunda pamene izi zicitika, nangomva pambuyo pace.

Wofuna uinjiniya ayenera kugwiritsa masamu, Physics ndi Chemistry. Apa pali cinthu cimene makolo ambiri sacidziwa. Masukulu akhala akuphunzitsa sayansi m'njira ziwiri: ina iphatikiza Physics ndi Chemistry kukhala phunziro limodzi, ina iphunzitsa liri lonse palokha ndi mozama. Wofuna kudzamanga milatho kapena kuyang'anira makina a magetsi ku Kariba ndi ku Kafue asankhe yaciwiriyo ngati sukulu yace iri nayo. Atengenso Additional Mathematics. M'phunziro limeneli ndimo mwana ayamba kuwerengera zinthu zosinthasintha, monga liwiro la galimoto kapena kutsika kwa madzi m'thanki, ndipo masamu a ku yunivesite amangidwa pa maziko omwewo.

Ana anamizana okha pa nkhani imeneyi. Pa mayeso otsiriza a sekondale, 1 ndiye mphambu yoposa zonse, 9 ndiko kulephera, ndipo mayunivesite afuna 6 kapena kuposerapo m'maphunziro asanu, kuphatikizapo Cingelezi ndi masamu. Popeza wa mapointi ocepa ndiye apambana, ana auzana kuti, tenga maphunziro apafupi, usadzibvute. Nzeru imeneyi iwabweza pambuyo. Yunivesite ya Zambia, imene inatsegulidwa ku Lusaka mu 1966, kwa zaka zambiri inali kuyamba yaika ofuna uinjiniya m'cigawo ca sayansi caka cathunthu, pamodzi ndi ofuna udokotala ndi za migodi, ndipo okhoza bwino okha ndiwo anali kupitirira. Kumeneko mwana amene anathawa masamu olimba akumana nawo maso ndi maso, ali pakati pa anzace amene anawazolowera kale. Ku Yunivesite ya Copperbelt ku Kitwe, yokhazikitsidwa mu 1987, masamuwo ndi omwewo. Ndipo digiri ya uinjiniya ndi ulendo wa zaka zisanu.

Ena adzati sukulu za kumidzi ziribe zipangizo za sayansi, ndiponso aphunzitsi a Physics ngosowa. Izi nzoona m'malo ambiri, ndipo akulu a maphunziro m'maboma sayenera kugona nazo. Koma nkhani yomweyi ndiyo ifunitsa kuti makolo afunse msanga. Ngati sukulu yapafupi siphunzitsa Additional Mathematics, kuli bwino kudziwa caka cisanayambe, pamene mpata wopempha malo kwina ukalipo. Sukulu zaluso monga Chizongwe ku Chipata zinakhazikitsidwira ana otere. Ciyambire 2022 Boma linacotsa malipiro a maphunziro m'masukulu ace, cotero ndalama imene inali kupita kumeneko ingagule buku la masamu ndi nyali yowerengera usiku.

Za ana akazi nzosafuna mau ambiri. Mtsikana amene aposa anyamata pa masamu asakankhidwire ku maphunziro ena cabe cifukwa ndi mtsikana. Simenti ndi citsulo sizifunsa kuti waziwerengera ndani.

Masukulu atsegulidwa mu Januwale, pamene udzu uli pampikisano ndi cimanga ndipo khasu silipuma. Ngakhale ziri tero, bambo kapena mai apatule tsiku limodzi, apite kwa mphunzitsi wamkulu pamodzi ndi mwanayo, atenge ndi lipoti lace la mayeso. Akafunse kuti mwana waikidwa m'kalasi liti, m'kalasimo muli Physics ndi Chemistry zapazokha kapena ai, ndipo amene aphunzitsa masamu alipo kapena akali kuyembekezeka.