ZA OIMBA: Kodi Soja yense angakwane m'kamemole kamodzi?

Aliyense amene amayenda pa msika wa Lizulu kapena wa ku Ulongwe akuwadziwa anyamata aja amakhala m'timaokala, kompyuta patebulo, chisipika pakhomo. Mlimi akagulitsa mbatatesi yake amapatukirapo, napereka foni nkunena kuti: "Achimwene, mundiikiremo Soja yense, wa makanema." Mnyamata sachedwa. Mphindi zowerengeka zokha, bambo uja wakwera njinga kulowera ku Domwe ali wokondwa kuti wanyamula moyo wonse wa malemu a Lucius Banda m'thumba la malaya.

Koma akafika kunyumba, ana ataunjikana, amapeza kuti wanyamula chisakanizo. Nyimbo ya 2015 ili patsogolo pa ya 1996. Ina yabwerezedwa katatu. Pena pakutuluka a Mlaka Maliro kapena a Billy Kaunda, dzina litalembedwa la Soja. Ndipo nyimbo zakale zimene amazifuna kwenikweni zilibe kanema ai: pangoima chithunzi chimodzi chosagwedezeka, nyimbo nkumalira kumbuyo.

Pa chithunzi choimacho mnyamata wa kompyuta alibe mlandu. Chimbale choyamba cha a Lucius, Son of a Poor Man, chomwe anakajambulira ku Joni, chinatuluka m'chaka cha 1994. Nthawi imeneyo dziko la Malawi linalibe wailesi ya kanema. Television Malawi inayamba mu April 1999, pamene Down Babylon, Cease Fire ndi Take Over zinali zitatuluka kale ndipo makaseti ake anali atatha kusisitika m'mawailesi. Woimba wa zaka zimenezo akanajambula kanema kuti akaonetse kuti? Choncho zaka zimene mnyamata wa m'mudzi mwa Sosola ku Balaka anagwedeza anthu koposa ndi zomwezo zili ndi zithunzi zochepa.

Kwa anthu a ku Angonia kuno zaka zimenezo si zamasewera. Nkhondo itavuta, mabanja ambiri anawoloka msewu nkukakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo a ku Mozambique amene anathawira m'Malawi anapitirira 1 miliyoni. A Chissano ndi a Dhlakama atasaina mtendere ku Rome pa 4 October 1992, anthu anayamba kubwerera, ambiri pakati pa 1993 ndi 1995. Anabwera ndi mapoto, makasu, mabulangete, ndipo amene anali nako, kawailesi ndi makaseti. Nyimbo ya Mabala inkamveka anthu akufolera nyumba pa mabwinja, akusosa minda yomwe inali itasanduka tchire. A Lucius ankaimba za ulamuliro wa kwao ku Malawi, koma amene anali atangochoka kumsasa sankafuna womasulira. Mwana amene anabadwira ku Ntcheu nthawi imeneyo lero ndi bambo wa ana ake, ndipo akafuna kuwaonetsa anawo nkhope ya woimbayo ali mnyamata, alibe poloza.

Kunja zinthu zotere amazisamala. Michael Jackson atamwalira mu June 2009, chaka chotsatira munatuluka bokosi lotchedwa Michael Jackson's Vision. Munali ma DVD 3 ndi makanema oposa 40, zithunzi zitakonzedwa bwino, ndi kabuku komwe. Woonera amamuona munthu akukula, akusintha kavalidwe, kavinidwe, ngakhale nkhope imene. Inde kumeneko kuli ndalama, ndipo amene anakonza bokosilo ankafunanso phindu. Palibe choipa pamenepo. Phindulo linapita kwa eni nyimbo.

Tsono taganizani makanema a Soja ataikidwa motero, chaka ndi chaka. Poyamba pangakhale chilichonse chimene chingapezeke cha Alleluya Band, kumene anaphunzirira kuimba pansi pa mkulu wao a Paul Banda pa mishoni ya Akatolika ku Balaka. Kenaka Zembani Band, yomwe anaiyambitsa mu 1997, ndi achinyamata ambiri amene anadzera m'manja mwao. Kenaka ndale. Mu 2004 anavala chikasu, naimbira chipani cha UDF, nasankhidwa kukhala phungu wa ku Balaka. Mu 2006 khoti linawapeza olakwa pa nkhani ya satifiketi ya sukulu, mpando unapita, iwo nakalowa ndende ya ku Zomba mpaka anatuluka patatha miyezi itatu atachita apilo. Chimbale cha Cell 51 Maximum chinabadwira m'menemo. M'nthawi ya a Bingu wa Mutharika wailesi ya boma inaleka kuulutsa nyimbo zao zina, ndiye anthu ankazionera m'nyumba za vidiyo, zija za mabenchi ndi jenereta, zimene ana amasuzumira pa ziboo za mphasa. Anabwereranso ku nyumba ya malamulo mu 2014, ndipo pomalizira anali mlangizi wa a Chakwera.

Alipo okonda Soja amene angafune kuti gawo la chikasu ndi la satifiketi lichotsedwe, patsale woimbira amphawi yekha. Kumeneko kungakhale kunamiza ana. Munthu amene ankadzudzula akuluakulu ndi yemweyo anakakhala nao pagome, nalawako ndende yao, nabwerera kudzawadzudzulanso. Mpaka lero pa bawo anthu amatsutsana ngati anachita bwino kulowa ndale. Makanemawo akaikidwa onse mwa ndondomeko yake, aliyense aweruze yekha.

A Lucius anamwalira pa 30 June 2024 ku South Africa atavutika ndi matenda a impso, ali ndi zaka 53, patangopita masiku 20 chichitikire ngozi ya ndege ku Chikangawa imene inatenga mnzao pa ndale, a Saulos Chilima. Anasiya zimbale pafupifupi 20. Maliro ao ku Balaka anajambulidwa ndi mafoni osawerengeka, moti mwambo wa tsiku limodzi uli ndi zithunzi zambiri kuposa zaka zonse za makaseti.

Nkhani ya ndalama nayo isazembedwe. Kale munthu akagula kaseti yeniyeni yochokera kwa O.G. Issa ku Limbe, kangachepe kankamfika woimba. Ku Malawi kuli bungwe la COSOMA loteteza umwini wa nyimbo, koma dzanja lake limathera pa malire. Pa Lizulu malirewo ndi msewu chabe: tsidya ili Malawi, tsidya ilo Mozambique, kwacha ndi metikali zikuyenda limodzi. Zimene mlimi wa ku Tsangano amalipira poikitsa makanema zimathera m'thumba la mnyamata wa kompyuta. Mnyamatayo naye akusaka ya sopo, ndipo popanda iye midzi yopanda intaneti bwenzi isakumuona Soja nkomwe. Koma a m'banja la malemu, a MBC, amene anatenga Television Malawi, ndi a COSOMA ndiwo angathe kukhala pansi, kusonkhanitsa matepi, kulemba chaka ndi malo a kanema aliyense, nkutulutsa chinthu chimodzi chodalirika chimene anyamata omwewa angamagulitse mwa chilolezo.

Ndipo asakafufuze ku Blantyre kokha. Matepi a VHS ndi ma VCD ambiri anathera m'midzi ya m'malire muno, kwa amene kale ankayendetsa nyumba za vidiyo. Amene ali nao m'sutikesi asawapatse ana kuti azimangira timagalimoto kapena kuopsezera mbalame kudimba. Tepi imadana ndi chinyezi, ndipo ku mapiri kuno nkhungu ya June imalowa mpaka pansi pa bedi. Aikulunge m'pepala la pulasitiki, aiike pamwamba pouma, kutali ndi utsi wa kukhitchini.